Wogulitsa mbewu pa kanema alowe m'kaundula

Mwezi wa Okutobala ukamapita kumapeto, dzuwa likuswa mtengo, mlimi wa m'chigawo chathu chino amakhala ndi funso limodzi lomusowetsa tulo: chaka chino ndibzala mbewu yanji? Kale yankho ankalipeza kwa mlangizi, pa munda wachitsanzo wa m'mbali mwa msewu, pa wailesi, kapena kwa mwini sitolo ya zipangizo za ulimi pa tauni yapafupi. Lero pabwera mlangizi wina amene sapalasa njinga ndipo salandira malipiro a boma. Iyeyu amakhala m'foni. Ndi mnyamata kapena mayi wolima amene amajambula makanema m'munda mwake n'kumawaika pa Facebook, TikTok kapena YouTube, ndipo anthu ochuluka amamutsatira kuyambira pa kugalauza mpaka pa kukolola. Akanyamula chimanga chotalika ngati mkono n'kutchula dzina la mbewu yake, mafunso amagwa ngati matalala: ikupezeka kuti, mukugulitsa bwanji, mungatumize ku Chipata, ku Mzimba, ku Tete? Posakhalitsa amapereka nambala yolandirira ndalama, amatsegula gulu la WhatsApp la ofuna kugula, ndipo mapaketi amayamba kukwezedwa m'mabasi.

Pamenepo munthu uja wasanduka wogulitsa mbewu, kaya iye mwini akudziwa kapena ayi. Maganizo anga ndi akuti ife a malonda a mbewu timuzindikire motero, timutsegulire khomo, ndipo alowe m'kaundula momwe ogulitsa ena onse alembedwamo. Kumunyalanyaza n'kudzinamiza, ndipo kumugwiritsa ntchito ngati chikwangwani chotsatsira malonda basi n'kutchera mlimi msampha.

Kumene malondawa anakulira

Kuti tione bwino chimene chikutidzera, n'kofunika kuyang'ana ku China, kumene malonda odalira otchuka ndi owatsatira anakula msanga kuposa kwina kulikonse. M'chaka cha 2016 kampani ya Alibaba inatsegula Taobao Live, njira yoti wogulitsa azionetsa katundu pa kanema woulutsidwa pompopompo, oonera n'kumafunsa mafunso ndi kugula nthawi yomweyo osachoka pa kanemayo. Chaka chimodzi m'mbuyo mwake, mu 2015, Colin Huang anali atayambitsa Pinduoduo, imene inatchuka ndi kugula pagulu: munthu akafuna katundu pa mtengo wotsika amaitana abale ndi anzake kudzera pa WeChat kuti agule naye limodzi. Zipatso ndi zokolola za m'minda zinali m'gulu la katundu woyamba kuyenda mwa njira imeneyi. Pambuyo pake Douyin ndi Kuaishou, masamba a makanema afupiafupi, nawo anasanduka misika. M'nyengo ya mliri wa Covid-19 mu 2020, alimi a m'midzi ya ku China ngakhalenso akuluakulu a boma a m'maboma ang'onoang'ono ankaima pamaso pa kamera kugulitsa zipatso zimene zikanaolera m'minda. Mchitidwewu unafalikira kunja, kotero kuti mu Seputembala 2023 TikTok Shop inatsegulidwa ku United States.

Kayendedwe kake n'kosavuta kukamvetsa. Pali munthu amene wadzipezera gulu la omukhulupirira chifukwa cha zimene amaonetsa tsiku ndi tsiku. Pali owatsatirawo, amene samangoonera koma amakambirana, amachitira umboni zimene agula, ndi kukokana kuti mtengo utsike. Ndiye pali mwini katundu, amene amalipira wotchukayo kagawo kake pa chilichonse chogulidwa. Chimene chikugulitsidwa kwenikweni ndi chikhulupiriro. Wogula sanaugwire katunduyo, koma akuona ngati munthu wa pa kanemayo akumudziwa monga amadziwira mnansi wake.

Kuno kwathu malondawa sadutsa m'masitolo akuluakulu a pa intaneti ngati a ku China. Kanema amakopa, WhatsApp imamaliza zokambirana, ndalama zimayenda pa Airtel Money, Mpamba, MoMo, EcoCash kapena M-Pesa, ndipo kondakitala wa basi ndiye mtengatenga. Kusiyana kwake ndi kwakuti pakati pa wogula ndi wogulitsa palibe aliyense wosunga mbiri ya malondawo kapena wobweza ndalama zinthu zikalakwika.

Ubwino wake tisaukane

Amene amati zonsezi n'zachibwana sanayang'anitsitse. Kugula pagulu si kwachilendo kwa anthu athu. Makalabu a alimi, chipereganyu ndi banki m'khonde zinaphunzitsa kale anthu kuti mutu umodzi susenza denga, ndipo gulu la pa foni ndi kalabu yomweyo, kungoti mamembala ake atalikirana. Wopanga makanema amalankhula chilankhulo cha mlimi, amayankha funso usiku womwewo, ndipo amaonetsa munda weniweni mlungu ndi mlungu, mmera wake, udzu wake, mbozi zake. Munda wachitsanzo wa kampani umaonedwa ndi odutsa pa msewu umodzi, pamene munda wa pa kanema umaonedwa m'maboma ambiri nthawi imodzi.

Palinso phindu limene aliyense wa m'malondawa angalizindikire msanga. Chimene chimaphetsa makampani ndi ogulitsa ang'onoang'ono ndi mbewu yotsala m'masitolo mvula itapita, imene imayenera kubwezedwa, kuyezedwanso, mwinanso kutayidwa. Gulu likalembetsa zofuna zake mu Seputembala, kampani imadziwiratu mtundu ndi kuchuluka kwa mbewu yofunika kudera lakutilakuti. Mbewu zimene mwini sitolo ya kumudzi amaopa kuikapo ndalama zake, monga nandolo, khobwe, mapira, mawere ndi ndiwo zamasamba, zimapeza ogula okwanira kudzaza katoni pamene anthu omwazikana asonkhanitsidwa pa foni. Mtundu watsopano wa mtedza kapena nyemba umene ukanatenga zaka kuti udziwike ukhoza kufika m'makutu mwa anthu m'nyengo imodzi.

Mbewu si malaya

Vuto lili pa chikhalidwe cha katundu wathuyu. Malaya ukagula pa intaneti umadziwa tsiku lomwelo ngati akukukwana. Mbewu siulula chinsinsi chake pa tsiku logula. Chimanga cha m'nkhokwe chopakidwa utoto chimaoneka chimodzimodzi ndi mbewu yovomerezeka, ndipo pa kanema wa m'foni kusiyanitsa kwake n'kosatheka. Kameredwe kamadziwika patatha mlungu umodzi chibzalire. Ngati mtunduwo ndi womwe unatchulidwa, zimaoneka chimanga chikamamasula, ndipo zokolola zimadziwika patapita miyezi inayi kapena isanu. Pofika nthawi imeneyo palibe chobweza. Alimi ambiri m'chigawo chino amadalira nyengo imodzi ya mvula, kuyambira cha mu Novembala mpaka Epulo, ndipo madzi akatayika saoleka.

Tiyeni tiwerenge zimene zimatayika. Hekitala imodzi ya chimanga imafuna mbewu pafupifupi makilogalamu 25. Mtengo wa mbewuyo ndi gawo laling'ono poyerekeza ndi feteleza, lendi ya munda, aganyu opalira ndi thukuta la banja lonse. Mlimi wonyengedwa pa paketi ya makilogalamu awiri sanataye ndalama za paketiyo zokha. Wataya feteleza amene anathira pa mbewu yosabereka, wataya mvula yobzalira, ndipo mu Febuluwale wa chaka chotsatira ana ake ndiwo adzalipira ndi mimba zawo.

Choopsa china n'chakuti wopanga makanema akhoza kusocheretsa anthu popanda kunama ngakhale liwu limodzi. Munda wake unabereka ndithu, ndipo chimanga chimene akuonetsacho n'chake. Koma ngati chinali cha haibridi, njere zimene wakolola si mbewu ya mtundu umenewo. Zikabzalidwanso zimatulutsa mapesi osiyana msinkhu ndi nthawi yokhwima, ndipo zokolola zimatsika. Akatapa m'thumba lake n'kugulitsa m'dzina la mtundu uja, wagulitsa chinthu china, ngakhale mtima wake uli woyera. Chimodzimodzinso ndi malo. Mtundu wochedwa kucha umene wachita bwino ku mapiri a Dedza kapena ku Angónia ukhoza kupserera ku Nsanje, m'chigwa cha Luangwa kapena m'mbali mwa Zambezi, kumene kumatentha ndipo mvula imadula msanga. Mlangizi wa m'deralo amadziwa zimenezi chifukwa amaponda nthaka yake. Kanema amafika paliponse ndi uthenga umodzi. Ngakhale mbewu yabwino imaonongeka m'njira: paketi ya soya yogona pa dzuwa pa depoti kapena pafupi ndi injini ya basi imafika kameredwe kake katatsika, pakuti soya sachedwa kufa mphamvu akatenthedwa.

Zimene anzathu anaphunzira mowawa

Ku China komweko chikhulupiriro cha otsatira chinagwiritsidwapo ntchito molakwika kangapo. Chakumapeto kwa 2020, gulu la Xin Youzhi, wodziwika ndi dzina loti Xinba pa Kuaishou, linagulitsa chakumwa chimene linkati n'chopangidwa ndi zisa za mbalame zimene anthu a kumeneko amadya ngati chakudya chapamwamba. Chitayezedwa chinapezeka kuti mbali yaikulu ndi madzi a shuga. Akuluakulu oona za misika ku Guangzhou analipitsa kampani yake chindapusa cha ma yuan 900,000, ndipo iye analonjeza kubwezera ogula ndalama zawo ndi chipepeso pamwamba. Mu Seputembala 2024 kampani ya Three Sheep ya ku Hefei inalipitsidwa ma yuan oposa 68 miliyoni, mwa zina chifukwa chotsatsa makeke ngati ochokera ku Hong Kong pamene sanali ochokera kumeneko. Pakati pa milandu iwiriyi, mu 2021, boma la China linakhazikitsa malamulo apadera oyendetsera malonda a pa makanema a pompopompo. Ku Indonesia boma linafika poletsa kugulitsana katundu mwachindunji pa masamba a mchezo, kotero kuti TikTok Shop inatsekedwa m'dzikomo mu Okutobala 2023, n'kudzabwereranso patapita miyezi iwiri itagwirizana ndi Tokopedia, kampani ya malonda ya komweko.

Phunziro lake ndi limodzi: amene waima pamaso pa kamera n'kunena kuti gulani ali ndi mlandu pa zimene wanenazo, ndipo sangabisale kumbuyo kwa mwini katundu. Ngati anzathuwo anaona kufunika kwa zimenezi pa makeke ndi zakumwa, kuli bwanji ife amene katundu wathu ndi chakudya cha banja cha chaka chathunthu? Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Otsatira sadziwa malire

Pali mbali ina imene ikukhudza bungwe la m'chigawo ngati lathuli kuposa wina aliyense. Wopanga makanema wa ku Lilongwe amamvedwa bwinobwino ku Katete ndi ku Ulónguè, ndipo wa ku Lusaka ali ndi omutsatira ku Harare ndi ku Johannesburg. Paketi yaing'ono imadutsa pa Mwami, pa Zóbuè kapena pa Chirundu ili m'chikwama cha munthu, popanda chilolezo cholowetsera mbewu kapena chiphaso chotsimikiza kuti ilibe matenda. Tikudziwa zimene mbewu yoyenda mosayang'aniridwa imabweretsa. Nthenda ya chisaka inasakaza nthochi ku Thyolo ndi ku Nkhata Bay, ndipo imodzi mwa njira zake zofalira ndi ana a nthochi opatsana. Nthenda ya chimanga yotchedwa maize lethal necrosis, imene inaoneka ku Kenya mu 2011, inachititsa mayiko ambiri kukhwimitsa malamulo a kayendedwe ka mbewu ya chimanga. Ngakhale mayiko olemera anadzidzimuka mu 2020 pamene anthu ku United States ndi ku Britain anayamba kulandira pa positi timapaketi ta mbewu timene sanaitanitse, ndipo chaka chomwecho Amazon inaletsa ogulitsa a kunja kutumiza mbewu kwa ogula a ku United States.

Chigawo chathu chinatha zaka zambiri chikumanga njira yoti mbewu iziwoloka malire mwachilungamo. SADC ili ndi ndondomeko yofananitsa malamulo a mbewu, ndipo COMESA inavomereza malamulo ake mu 2014. Pansi pa ndondomekozi, mtundu wovomerezedwa m'mayiko awiri ukhoza kulowa m'kaundula wa chigawo n'kugulitsidwa m'mayiko enawo. Zingakhale zomvetsa chisoni kuti pamene makampani akutsata njira imeneyi, msika wa m'mafoni uzidutsa kuseri.

Zimene ena anganene

Ena adzati njira yachidule n'kuletsa kugulitsa mbewu pa masamba a mchezo. Lamulo lotero lingakhale losavuta kulemba koma losatheka kulitsata, pakuti palibe woyendera mbewu amene angalowe m'magulu onse a WhatsApp. Lingangothamangitsira malondawo kumdima, kumene achinyengo amakonda. Komanso tisadziyeretse: mbewu yachinyengo inayamba kale intaneti isanafike m'midzi, ndipo ina yagulitsidwapo m'masitolo okhala ndi zikwangwani zokongola. Mlimi akamathawira kwa munthu wa pa kanema, mwina n'chifukwa chakuti anapsapo kale kwa ife.

Ena adzati kaundula ndi njira ya makampani akuluakulu yotsekera achinyamata mwayi, ndiponso yolanda alimi ufulu wopatsana mbewu zamakolo. Nkhawa imeneyi ndi yomveka ndipo iyenera kuyankhidwa mosabisa. Mayi amene akugawana ndi anzake nzama, mawere kapena chimanga cha makolo, n'kunena poyera kuti ndi mbewu ya m'munda mwake, akuchita chinthu chimene chasunga mitundu ya mbewu zathu kwa mibadwo yambiri, ndipo pangano la mayiko la mbewu za chakudya ndi ulimi limazindikira ufulu wa alimi woterewu. Iyeyo si amene ndikunena. Ndikunena amene akutchula dzina la mtundu wolembetsedwa, akulonjeza zokolola za mbewu yovomerezeka, ndipo akulandira ndalama kwa anthu amene sanawaonepo. Ameneyo walowa m'malonda, ndipo malamulo a malondawo ndi akenso. Chofunika n'chakuti khomo lolowera likhale lotsika mtengo ndi losavuta.

Chimene tingachite nyengo isanafike

Malamulo alipo kale. Ku Malawi kuli lamulo la mbewu la 2022, ndipo ntchito yoyeza ndi kuvomereza mbewu yakhala ikuchitikira ku Chitedze. Ku Zambia bungwe la SCCI ku Chilanga limapereka ziphaso kwa ogulitsa mbewu. Chosowa ndi njira yoti munthu wopanda sitolo ya njerwa alembetse. Mabungwe athu a m'mayiko apemphe oyang'anira mbewu kuti pakhale gawo la ogulitsa a pa intaneti, lolembetsera pa foni, la malipiro ochepa, lokhala ndi maphunziro a masiku owerengeka okhudza malebulo, kasungidwe ka mbewu ndi mitundu yoyenera madera osiyanasiyana. Mayina a olembetsawo aikidwe poyera kuti mlimi azitha kufufuza yekha.

Chachiwiri, lebulo ionekere pa kanema. Wogulitsa aonetse dzina la mtundu, nambala ya gulu la mbewuyo ndi tsiku limene inayezedwa, ndipo aphunzitse omutsatira kuti lebulo ya buluu ndi chizindikiro cha mbewu yovomerezeka. Kumene kuli zomata zokanda, zimene mlimi amatumiza nambala yake pa foni kuti atsimikize mbewu, monga bungwe la KEPHIS linayambitsira ku Kenya, wopanga makanema akande pamaso pa anthu. Kanema mmodzi wotere angaphunzitse anthu ambiri kuposa timapepala timene timagawa pa zionetsero za ulimi.

Chachitatu, ndipo ichi ndi chachikulu, paketi isadutse m'manja mwa wopanga makanema. Iye asonkhanitse ofuna kugula, kampani ilandire mndandanda, ndipo mlimi akatenge mbewu yake yosatsegula kwa wogulitsa zipangizo za ulimi wovomerezeka amene ali naye pafupi, potchula nambala imene wapatsidwa. Potero wopanga makanema alandira kagawo kake, mwini sitolo sakutayidwa kunja, mbewu yasungidwa pa malo oyenera, lisiti ilipo, ndipo wogula wa kutsidya kwa malire alozeredwa kwa wogulitsa wa m'dziko lake lomwe. Mwini sitoloyo, podziwa dera lake, ndiyenso angachenjeze mlimi kuti mtundu umenewu kuno sukhwima.

Chachinayi, amene walipidwa anene kuti walipidwa. Kampani iliyonse ya m'bungwe lathu iike zimenezi m'mgwirizano wake ndi otchukawa, ndipo ikane mawu olonjeza matumba akutiakuti pa ekala popanda kutchula feteleza, nthaka ndi mvula zimene zinabweretsa zokololazo. Mgwirizanowo usathere pa tsiku lobzala. Amene anatsatsa mu Okutobala abwerere mu Disembala kufunsa omutsatira za kameredwe, abwererenso mu Meyi kudzaonetsa zokolola zawo, zabwino ndi zoipa zomwe. Dandaulo likabwera lisafufutidwe, koma lipite kwa kampani pamodzi ndi nambala ya gulu la mbewu, kuti chitsanzo chosungidwa chiyezedwenso mu labotale.

Wina angafunse chimene chingakope wopanga makanema kuti adzimange ndi zingwe zonsezi. Yankho ndi lakuti chuma chake chonse ndi dzina. Nyengo imodzi ya mbewu yosamera ndi yokwanira kumwaza gulu limene analisonkhanitsa kwa zaka, ndipo anthu amene anamutamanda pa foni ndi omwewo adzamuyalutse pa foni. Kaundula amamuteteza kwa amene angamupatse katundu wachinyengo kuti awagulitsire, komanso kwa amene amaba zithunzi zake n'kutsegula masamba abodza m'dzina lake. Wanzeru aliyense mwa iwo adzaona kuti chiphaso chikumuwonjezera ulemu.

Akuluakulu anati mmera m'poyamba. Malonda awa akadali mmera m'chigawo chathu, ndipo ino ndi nthawi yowawongola asanakhwime mokhota. Anyamata ndi amayi amene akujambula minda yawo apeza chinthu chimene makampani akhala akuchifunafuna ndi ndalama zambiri, ndicho khutu la mlimi. Ife tili ndi chimene iwo alibe: minda yoyenderedwa, malabotale, malebulo ndi mbiri ya thumba lililonse kuchokera kwa wochulukitsa mbewu mpaka pa shelefu. Bungwe lililonse la m'dziko liitane otchuka a zaulimi a kwawo ku msonkhano wake wotsatira, awapatse mpando, ndipo akambirane za kaundula mvula yoyamba isanagwe.